Mu Kanemamo Palibe Wotera Pansi

Tsiku limenelo ndinali nditatunga madzi, nditachapa matewera, nditakolopa, nditamwetsa mwana phala n'kumusambitsa, ndipo chotsala chinali kusita nsalu yobiriwira ija. Nsaluyo ndi yaikulu ngati lona wofunditsa lole, ndipo imafuna kusitidwa konsekonse, chifukwa bambo a mwana amati khwinya limodzi lokha limaononga kanema yense. Koma simbi inali chizizirire. M'nyumba mwathu soketi yamoyo ndi imodzi, ndipo anali ataikhalira mkazi mnzanga. Ndimatero ine ponena kompyuta yawo, popeza ndiyo imayamba kupukutidwa m'mawa, ndiyonso imafunsidwa ngati yatentha thupi.

"Ikamaliza kuphika kanemayu uyatsa simbi yakoyo," anatero osatembenuka n'komwe.

"Imaliza liti? Nsaluyi mukuifuna lero lomwe, ndi inu nomwe munanena."

"Ukaizimitsa pano ndiyambiranso poyamba. Pirira, mayi a mwana."

Ntchito yawo ndi yopanga timakanema tifupitifupi ta pakoleji. Tina n'tija amaonetsa pa sikirini yaikulu m'holo masewero asanayambe: dzina la timu likutuluka mu utsi, osewera akudumpha mmodzimmodzi, moto uli lawilawi kumbuyo kwawo. Tina n'ta akuluakulu akamalankhula pamisonkhano, zilembo zikuuluka n'kukhazikika pakhoma. Osewera amawajambula ataima kutsogolo kwa nsalu yanga yobiriwirayo, kenako kompyuta imachotsa kubiriwirako n'kuikapo chilichonse chimene munthu wafuna. Sanalembedwe ntchito. Amangoitanidwa akafunika.

Nditaima kumbuyo kwawo ndi simbi yanga m'manja, ndinaona mng'ono wanga pa sikirini. Timamutcha Nsungwi chifukwa cha msinkhu wake. Amasewera basiketibo m'timu ya atsikana, ndipo mpirawo ndiwo unamulowetsa koleji: amaphunzira ndi kugona pomwepo osalipira, bola azisewera. Anali m'mwamba, mpira uli kudzanja, miyendo itatambasuka, moto ukumutsata.

"Taimitsani kaye," ndinatero. "Bandeji ili kuti?"

"Bandeji yanji?"

"Musandipange mwana. Ndinamanga ndine m'mawa wa tsiku limene munajambula. Bondo la kumanja. Linali litatupa ngati mutu wa mwanayu."

Anapukuta magalasi awo ndi malaya. Akayamba kupukuta magalasi ndimadziwa kuti mawu akuwasaka.

"Ndinaichotsa. A Kochi anati tsiku lotsegulira mpikisano kubwera anthu a kampani imene imathandiza timu. Safuna kuona mabandeji."

"Munaichotsa bwanji, ali nayo pamwendo?"

Apa nkhope yawo inawala pang'ono, chifukwa munthuyu akafunsidwa za luso lake amaiwala kuti tili pa mlandu. Anandionetsa. Anati m'sekondi imodzi muli zithunzi zambirimbiri, ndipo anapita chimodzichimodzi, kubwereka khungu la bondo lamoyo n'kulimata pa lodwalalo. Pamene msoko unkaoneka, anaphimba ndi utsi.

"Palibe angadziwe," anatero. "Ngakhale mwini wake."

"Nanga potera? Ndionetseni akutera."

"Mu kanema wotere palibe amene amatera. Umadula munthu ali m'mwamba. Ndi mmene amapangira kulikonse. Kudumpha ndiye kokoma, kutera n'kosaoneka bwino."

"Ndati ndionetseni."

Anausa moyo, natsegula chojambula choyambirira, chosakonza. Moto panalibe. Panali nsalu yanga, ndi Nsungwi atavala bandeji yanga. Anadumpha. Potera bondo linapindikira m'kati ngati mwendo wa mpando wothyoka, nagwa chammbali, mano atalumana. Kenako mawu a mwamuna kuseri kwa kamera: "Dzuka, dzuka! Bwereza. Nkhope isaoneke ululu."

"Amenewo ndi a Kochi?"

"Ndi iwowo."

"Inu munali kuti?"

"Ndinagwira kamera."

"Mlamu wanu akugwa, inu mwagwira kamera."

"Ukanafuna nditani? Ndiwauze a Kochi ntchito yawo? Mawa aitana wina. Mwanayu adya chiyani, utsi?"

"Utsi ndiye mumaudziwa kupanga," ndinatero. Kompyuta inalira kuti yamaliza. Ndinazula chingwe chake, ndinayatsa simbi, ndinasita nsaluyo mpaka m'mphepete. Ntchito siidikira mkwiyo.

Loweruka Nsungwi anabwera ndi zochapa zake, akuyenda ngati munthu wosenza ndowa yodzaza. Ndinamukhazika pampando, ndinatenthetsa madzi, ndinayamba kumuthowa. Ndikakanikiza chala, khungu linkatsala lolowa.

"Pang'onopang'ono asisi, si mtanda wa buledi umenewo."

"Iwe, mpira wa sabata yamawa usasewere."

Anaseka. "Alamu, mwawamva akazi anu? Akhala a Kochi tsopano."

Alamu akewo anali atavala zomvera kukhutu zopanda kanthu m'kati. Ndinadziwa chifukwa chingwe chake chinali lende pansi.

"Sindikuseka," ndinatero. "Kuchipatala cha pakoleji unapita?"

"Ukapita kumeneko amakulemba kuti wavulala. Akakulemba, ukhala pabenchi. Ukakhalitsa pabenchi, bedi lako amapatsa wina. Mnzanga uja wamfupi, wothamanga uja, mukumuonanso? Ali kwawo akugulitsa zovala zakale. A Kochi anati ndingopirira mpira umodziwu, alendo aone, ndikatero ndipuma."

"Akakupatsa bondo lawo?"

"Amandipatsa mapilitsi. Ndikamwa sindimva kanthu."

"Kusamva si kuchira."

"Asisi," anatero, mawu atatsika. "Inu munasiya sukulu amayi atadwala, kuti ine ndipitirize. Mukufuna ndibwere tidzakhale awiri pabeseni?"

Ndinafinya nsanza mpaka zala kuwawa. Ndinamumanga bandeji yatsopano, ndinamuchapira, ndinamuperekeza kukakwera basi.

Lolemba ndinabereka mwana n'kupita ku koleji. Mlonda anandilola chifukwa ndinanyamula nsalu yobiriwira, amaidziwa. A Kochi ndinawapeza m'holo, wezulo ili pakhosi, akudya nthochi. Ndi munthu wonenepa bwino, wa mawu okoma, woseka ndi aliyense. Anamugwira mwana tsaya.

"Aa, mayi a kanema! Uyu ndiye wosewera wathu wa mawa. Taonani manjawo."

"Bambo, ndabwera za mng'ono wanga. Bondo lake silili bwino. Ndapota nanu, musamuseweretse."

"Mayi, mawondo a osewera onse amalira. Langali limalira mvula ikamabwera. Mukanakhala pano mukanamva ngati zitseko zakale."

"Ili latupa. Munaona nokha akugwa."

"Ndinaona mwana wolimba mtima akudzuka." Anapinda khoko la nthochi bwinobwino ngati mpango. "Tamverani. Alendo aja akasangalala, atsikana onsewa akhala ndi pogona chaka chamawa. Akapanda kusangalala, ena apita kwawo. Amene amadzaza holo ino ndi Nsungwi. Ndimukhazike pansi chifukwa mkulu wake walota zoipa?"

"Sindinalote. Ndimathowa ndine."

"Amuna anu ali ndi manja abwino," anatero akumwetulirabe. "Kungoti masiku ano ana a m'kalasi ya makompyuta nawonso ayamba kudziwa timoto ndi tiutsi timeneti. Amandipempha tsiku ndi tsiku. Ine ndimati ayi, tili ndi munthu wathu, wa banja. Mupereke moni."

Analiza wezulo, atsikana anathamanga. Ndinaona Nsungwi ali kumapeto kwa mzere, akundiyang'ana ndi maso oti chokani, mukundichititsa manyazi.

Moniwo ndinapereka. Bambo a mwana anagwira mutu.

"Wapita kukatani? Ukufuna tigone panja?"

"Mukanapita inu ndikanakhala."

"Iwe sudziwa mmene zimayendera kumeneko."

"Ndikudziwa mmene bondo limayendera. Limapita kutsogolo ndi kumbuyo. Lake likupita m'mbali."

Tsiku la mpira holo inadzaza dzuwa likadali pamutu. Alendo anakhala kutsogolo pa mipando yofewa. Bambo a mwana anali pa tebulo lawo pakona, ndi kompyuta ndi zingwe. Ine ndinapeza malo pamwamba, mwana ali pamiyendo.

Magetsi anazima. Ng'oma zinagunda m'zokuzira mawu mpaka benchi kunjenjemera. Utsi unadzaza sikirini, dzina la timu linatuluka ngati chitsulo chochoka pamoto, atsikana anayamba kudumpha mmodzimmodzi. Womaliza anali Nsungwi, wamkulu ngati nyumba, akuuluka, moto uli pambuyo. Holo yonse inaimirira. Sindibisa, nanenso ndinakuwa. Ndinauza mayi amene ndinakhala naye pafupi kuti uyo ndi mng'ono wanga, ndipo wapanga zimenezo ndi mwamuna wanga. Pa sikirinipo miyendo ya Nsungwi inali yosalala, iwiri yofanana, ngati ya chidole cha m'sitolo.

Pabwalo analowa atavala sokosi yaitali yakuda yophimba bondo. Anasewera. Akaponya mpira n'kulowa, bambo a mwana ankadina batani, ndipo kudumpha kwake kuja kunkabwereranso pa sikirini ndi phokoso la bingu. Anakonza choncho kwa wosewera aliyense, koma batani la Nsungwi ndilo linkagwira ntchito. Alendo ankaomba m'manja. Atapuma pakati, ndinaona a Kochi akumupatsa kanthu m'manja ndi botolo la madzi.

Chigawo chachiwiri chili m'kati, analanda mpira, nathamanga yekha, nadumpha. Mpira unalowa. Iye anatera.

Phokoso lake ndinalimva ndili pamwamba paja, pakati pa anthu onse aja: thyo, ngati nthambi yaiwisi. Anagwa, nagwira bondo ndi manja onse awiri, kukamwa kuli yasa. Koma kulira kwake sikunamveke, chifukwa chala cha bambo a mwana chinali chitadina kale. Chinazolowera: mpira walowa, dina. Bingu linagunda. Pamwamba pa mutu wake Nsungwi wina, wa moto, anauluka ndi miyendo yosalala, ndipo anthu akumbuyo amene sanaone pansi anapitiriza kuvina.

Ndinatsika masitepe mwana ali m'khwapa. Sindikumbukira amene ndinawaponda.

Kuchipatala chachikulu adokotala anati mitsempha yogwira bondo yaduka, ndipo chovulalacho si cha lero. Chinayamba kale, chakhala chikung'ambika pang'onopang'ono. Anati likanapumitsidwa poyamba paja likanapola lokha. Tsopano likufunika opaleshoni, ndipo mzere wake ndi wautali. Za mpira anangopukusa mutu.

Mawu akuti si cha lero aja ndiwo anafika ku koleji ife tisanafike. Tinaitanidwa ku komiti ya zamasewero. M'mawa wake, ndikupachika matewera, ndinawauza bambo a mwana kuti atenge chojambula choyambirira chija.

"Palibe," anatero.

"Chapita kuti?"

"A Kochi anabwera iwe uli kuchipatala. Anati zojambula zonse ndi katundu wa koleji. Anaima pomwe waimapo mpaka nditafufuta."

"Chabwino. Pakamwa sanafufute. Mukanene zimene munaona."

Anapukuta magalasi.

Chipinda cha komiti chinali ndi tebulo lalitali ndi makatani olemera. Wapampando anali mayi wa imvi, waulemu, amene anatifunsa ngati tamwa madzi. Nsungwi anakhala ndi ndodo zake ziwiri, mwendo utaongoka pa mpando wina. Mayiwo anafotokoza lamulo: wovulala pa mpira wa koleji amasamalidwa, malo ake amasungidwa. Koma wobisa kuvulala kwake n'kukasewera, wadzivulaza yekha.

"Sindinabise," anatero Nsungwi. "A Kochi ankadziwa. Tsiku lojambula ndinali ndi bandeji, ndinagwa pamaso pawo."

A Kochi anapukusa mutu mwachisoni. "Mwanayu ndimamukonda ngati wanga. Ululu umasokoneza mutu. Mwamwayi tsiku limenelo lilipo pa kanema, tonse tinaliona." Anatembenuza kompyuta yawo yam'manja. Utsi, moto, Nsungwi m'mwamba. Anaimitsa, nakulitsa chithunzi mpaka bondo linadzaza sikirini. Losalala, lopanda banga. "Bandeji ili pati apa? Ine ndikanadziwa bwanji?"

Wapampando anayang'ana bambo a mwana. "Munajambula ndinu. Bandeji inalipo?"

Ndinamva mpando wawo ukulira. Mwana anali kuyamwa, ndipo ndinamugwira mwamphamvu mpaka analeka.

"Ine, mayi, ndimajambula anthu ambiri," anatero, maso ali patebulo. "Ndimangoyang'ana kuwala ndi mitundu. Za m'miyendo sindingakumbukire."

"Alamu," anatero Nsungwi. Liwu limodzi lokhalo, motsitsa, ngati akudzutsa munthu wogona.

Ndinaimirira. "Bandeji inalipo. Ndinamanga ndine ndi manja awa. Bondo limene mukuonalo ndi la kumanzere, analimata kumanja. Afunseni mmene amachitira, akuonetsani, amanyadira."

Mmodzi wa akomiti anaseka pang'ono, nabisa ndi chifuwa. Wapampando sanaseke. Analemba kanthu.

"Ndiye kuti inu a pabanja munkadziwa kuti wavulala?"

"Ee. N'chifukwa chake ndinabwera kudzawauza a Kochi."

"Mayiwa amabwera ndi nsalu kawirikawiri," anatero a Kochi. "Timapatsana moni. Ndimasewera ndi mwana. Za bondo, ayi."

"Munapita ku chipatala cha pakoleji? Munauza ofesi ino?"

"Ayi. Ndinauza mwini timu."

"Pepani mayi," anatero wapampando, ndipo ndikhulupirira kuti anapepesadi. "Zimene mwanenazi zikutsimikiza kuti kuvulala kunalipo, ndipo kunyumba kunkadziwika. Kuti kuno kunkadziwika, palibe wachitira umboni."

Potuluka, bambo a mwana anafuna kumugwira Nsungwi mkono pa masitepe. Anawakana ndi chigongono, natsika yekha, sitepe imodzi, ndodo, sitepe ina.

Bedi lake anapatsa wina sabata yomweyo. Ndinakatenga katundu wake: chikwama, mabuku, nsapato za mpira, chikho chimene anapambana chaka chatha. Ndinamuyalira matiresi m'chipinda chochezera, pakati pa tebulo la kompyuta ndi khomo, chifukwa malo ena kulibe.

Patangopita masiku, foni ya bambo a mwana inalira. Anatuluka panja kukayankha, nabwerera akuyenda ngati alowa m'nyumba ya eni.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa ndikusenda mbatata.

"Akuti ndikonze kanema uja. Timu yasintha."

"Mumuchotse."

"Dzina ndi nkhope. Koma kudumphako akuti alendo aja anakukonda. Akufuna kukhale chizindikiro cha timu. Chithunzithunzi chabe, chakuda, moto m'mphepete. Chiziyamba kanema aliyense, ngakhale wa misonkhano."

"Ndiye mwati chiyani?"

Anakhala pampando wawo, nayatsa mkazi mnzanga.

Anagwira ntchitoyo masana onse, mwini thupi ali chigonere pambuyo pawo. Ndinkalowa ndi kutuluka ndi beseni. Ndinaona dzina likufufutika. Ndinaona nambala ya pamalaya ikuzimirira. Kenako anayamba kudetsa nkhope, chithunzi chimodzichimodzi, monga anachitira ndi bandeji. Nsungwi anadzuka n'kutsamira khoma, akuonera.

"Alamu, dzanja lanu ndi labwinodi," anatero. "Mukamaliza pamenepo mubwere kuno. Mubwereke khungu la ili, mumate pa ili. Pamsoko muike utsi."

Sanatembenuke. Mbewa ya kompyuta inapitiriza kulira: tche, tche, tche.

Ndinasiya beseni. Ndinatenga nsalu yobiriwira pamene ndinaipinda, ndinakhoma misomali iwiri, ndinamanga chingwe, ndinaipachika pakati pa tebulo ndi matiresi.

"Imeneyo ikufunika Lachisanu," anatero bambo a mwana. "Kuli kujambula anyamata."

"Mukagule ina. Musitenso nokha."

Tsopano ndinene zimene zinapita, poti ine ndimakonda kudziwa chimene chatuluka m'nyumba.

Lapita bondo. Opaleshoni tikudikirabe, ndipo adokotala akuti ngakhale itachitika, kuthamanga kwatha. Yapita sukulu, atatsala pang'ono kumaliza chaka chachiwiri. Mabuku ake ali pansi pa bedi lathu, m'katoni ya sopo. Zapita nsapato za mpira, ndinapatsa mwana wa aneba chifukwa Nsungwi ankangoziyang'ana. Apita mapazi anga, sapumanso: kale ndinkasamalira mwana mmodzi, lero ndimasambitsa awiri, wina wamtali kuposa chitseko. Liwu loti alamu silinamvekenso m'nyumba muno. Akafuna mchere amauza ine, ine n'kuuza uyo. Ine ndi bambo a mwana timagona bedi limodzi, timalankhula za magetsi, za sopo, za chifuwa cha mwana.

Ntchito ija, imene tinaperekera zonsezi, nayonso inapita. Atamaliza chizindikiro, a Kochi anapempha mafayilo onse kuti asungidwe ku ofesi. Panopa ana a m'kalasi ya makompyuta amangosintha maina ndi nkhope, utsi ndi moto n'zomwe zija. Foni siinalirenso. Bambo a mwana amajambula maukwati akapezeka.

A Kochi alipo. Alendo aja anasangalala.

Chimene sichinapite ndi chithunzithunzi chija. Anachisindikiza pa chikwangwani cha pageti la koleji, ndipo akuti m'holo chimatsegula mpira uliwonse, anthu n'kuimirira. Ndimachiona ndikamapita kukatenga mankhwala: mtsikana wakuda bii wopanda nkhope, mpira kudzanja, miyendo itatambasuka. Mpaka lero sanatere. Mwini wake ali kuseri kwa nsalu yobiriwira, amandidikira kuti ndimukweze pa sitepe ya kubafa.